Mwana wa achimwene satembenuka akaitanidwa: zakhali ayambire pati?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa dera la Chonde ku Mulanje. Ndaifupikitsa, ndipo mayina ndachotsa. Akuti: "Achimwene anga ali pa chikamwini m'mudzi woyandikana ndi wathu. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3 koma satchula ngakhale 'mama'. Ukamuitana satembenuka, koma njinga yamoto ikalira kumsewu amatseka makutu n'kuyamba kukuwa. Amatha m'mawa wonse akundanda zitsekerero za mabotolo. Ndinamva za autism pa wailesi, mtima wanga unangoti myuu. Agogo ake akuti amalume ake nawonso anachedwa kuyankhula. Ena m'mudzimo ayamba kunong'ona kuti achimwene anamukhwimira mwanayo poti chaka chatha anagula njinga ya kabaza. Ine ndine zakhali chabe. Ndiyambire pati kuti mwanayu akapimidwe popanda kusokoneza banja la eni?"

Zakhali, zimene mwaonazi si zazing'ono, ndipo mwanayu ayenera kukaonedwa mwezi uno, osati akadzayamba sukulu. Koma mukalowera khomo lolakwika, mwanayo sadzafika n'komwe kuchipatala. Ndiye tikambe zonse ziwiri, za mwanayo ndi za akuluakulu omuzungulira.

Agogo sakunama ayi. Alipo ana amene amakhala duu mpaka zaka 2, kenako mawu n'kungokhuthuka. Koma mwana wongochedwa kuyankhula amakhala akuyankhulabe ndi thupi lonse. Akaona nkhuku yakwera padenga amailoza, n'kukucheukira kuti aone ngati nawe waiona. Amatola tsamba n'kukubweretsera, osati kuti umuchitire kanthu, koma kuti ungoona. Amabereka chitsononkho kumbuyo, n'kumatakasa dothi m'kachitini ngati akuphika nsima. Ukamuwombera m'manja nayenso amawomba. Izi ndiye muzikayang'ana mukapita kukacheza, osangowerenga mawu. Mwana akamakwanitsa chaka amayenera kutembenuka akamva dzina lake ndi kubayibitsa. Pofika miyezi 18 amayenera kuloza chinthu chomusangalatsa pofuna kukuonetsa. Pofika zaka 2 ambiri amaphatikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Ndipo ngati mwana ankatchula mawu kapena ankabayibitsa kenako n'kusiya, chimenecho n'chofunika kuthamangira nacho kuchipatala pa msinkhu uliwonse.

Autism ndi kakulidwe kosiyana ka ubongo kamene kamakhudza mmene mwana amayankhulira, amachezera ndi anthu ndi mmene amachitira zinthu. Kupima koyamba kumene mwanayu akufunika sikunena kuti mwana ali ndi autism. Kuli ngati sikelo yomwe ija: imaonetsa kuti mwana watsika, koma chomwe chamutsitsa amakachifufuza adokotala. Njira yodziwika kwambiri padziko ndi mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R/F, a ana a miyezi 16 mpaka 30. Wolera mwana amangoyankha kuti eya kapena ayi: kodi mukaloza chinthu chili patali amachiyang'ana, kodi amachita chidwi ndi ana anzake, kodi munayamba mwaganizapo kuti ndi wosamva. Mayankho odetsa nkhawa akakhala 3 mpaka 7 amafunsanso mozama, akafika 8 mwana amatumizidwa kwa akatswiri nthawi yomweyo. Ku America bungwe la madokotala a ana limalangiza kuti mwana aliyense afunsiridwe mafunso otere ali ndi miyezi 18 komanso 24. Kuno kwathu tilinso ndi chida chathuchathu choyezera kakulidwe ka mwana, chotchedwa MDAT, chimene Dr Melissa Gladstone ndi anzake anachisindikiza mu 2010 atachiyesa pa ana akumudzi oposa 1,400. Anachipanga chifukwa zida zochokera kunja zinkafunsa mwana wakumudzi zinthu zimene sanazionepo. Chimenechi sichiloza autism yokha, chimaona mayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, mayankhulidwe ndi kachezedwe.

Tsono mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi iyi: mafunso onsewa ndi opanda ntchito ngati akuyankha ndi munthu amene satandala ndi mwanayo. Kuno amayi ambiri amalawirira kumunda, kukathyola tiyi kapena kumsika ku Luchenza, n'kubwera dzuwa litapendeka. Amene amadziwa kuti mwana amasewera bwanji masana ndi agogo, kapena kamtsikana kolera kaja. Agogo amene mukuwaona ngati akutsekereza njirawo ndi amene ali ndi mayankho. Musapite kukawatsutsa. Pitani mukawafunse: "Agogo, amalume ake aja atachedwa kuyankhula, ankaloza zinthu? Mukawaitana ankabwera? Nanga uyu amatero?" Asiyeni afananize okha. Munthu amene walera ana asanu ndi zidzukulu zingapo amaona kusiyanako msanga kuposa inu ndi ine, kungoti palibe amene anawafunsapo mwaulemu. Ndipo tsiku la sikelo agogowo apite nawo, ngakhale zitafunika kuwalipirira kabaza.

Pali zinthu ziwiri za chikhalidwe chathu zimene zimabisa ana otere. Choyamba, mwana wokhala phee payekha timamuyamikira kuti ndi wofatsa, savuta, ndipo mayi wotanganidwa amathokoza Mulungu. Chachiwiri, timaphunzitsa ana kuti kuyang'anitsitsa wamkulu m'maso ndi mwano, ndiye wina akati mwanayu sayang'ana anthu m'maso, akuluakulu amati ndi ulemu. Koma ulemu umenewo mwana wa zaka 2 sanauphunzire. Wa msinkhu uwu amayang'ana amayi ake m'maso akamayamwa, akamasambitsidwa, akamva chinthu chachilendo. Funsani za nthawi zimenezo.

Za inuyo tsopano. Mwanena zoona, kwathu kuno mwana ndi wa mbumba ya kuchikazi, ndipo mawu a zakhali amalemera pang'ono. Mukayambira kwa achimwene anu, iwo n'kukanena kunyumba kuti achemwali akuti mwanayu ali ndi vuto, zidzamveka ngati akuchimuna akuloza chala akuchikazi. Yambirani kwa alamu anu, muli awiriwiri, mukuthandizana kusadzula ndiwo kapena kuchapa. Dzina la autism lisiyeni kaye, poti inu si amene mungalitsimikize. Nenani chimene mwaona ndi maso, kenako mufunse: "Alamu, ndaona kuti mwanayu ndikamuitana satembenuka. Inu mwaonapo zotere? Bwanji tsiku la sikelo tipitire limodzi, akamuoneko makutu?" Ndikhulupirireni, mayi amakhala woyamba kuona, ndipo ambiri amakhala akusowa tulo okha, kuopa kuti akatchula anthu anena kuti ndi iwo analakwitsa. Akayamba kulira musafulumire kuwatontholetsa ndi mawu akuti zikhala bwino. Amvetsereni. Akavomera, iwo eni ndi amene akauze amuna awo ndi mwini mbumba. Amalumewo asamve nkhaniyi kwa anthu apanjira, chifukwa tsiku lofunika ndalama yopitira ku Blantyre mudzawafuna.

Kuyambira pa makutu si kunamiza munthu. Mwana aliyense wochedwa kuyankhula ayenera kuyezedwa makutu, ngakhale amene amadzidzimuka ndi njinga yamoto, chifukwa mwana akhoza kumamva phokoso lalikulu koma osamva bwino mawu a munthu. Mafinya a m'khutu osathera, malungo aakulu okomola, matenda oumitsa khosi, chikasu champhamvu atangobadwa, kubadwa masiku osakwana, zonsezi zimatha kusokoneza kumva kapena kakulidwe ka ubongo. Alamu akumbukire ngati chimodzi mwa izi chinachitikapo, akanene.

Nkhani ya kukhwimayi imandipweteka mtima, chifukwa ndi imene imathetsa mabanja ndi kutsekera ana m'nyumba. Bambo akatopa ndi kunenedwa amalongedza n'kubwerera kwawo, mayi n'kutsala yekha ndi mwana amene anthu akumuopa. Autism si yachilendo ndipo si ya kuno kokha. Dokotala Leo Kanner anailemba mu 1943 ku Baltimore ku America, atatsatira ana 11. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nayo, ndipo imaonekera kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana. Imayamba ubongo ukamaumbika mwana ali m'mimba, ndipo mbali yaikulu ndi ya chibadwa. Si tsempho, si njinga ya kabaza, si kalera ka mayi, si kumva Chilomwe ndi Chichewa pakhomo limodzi. Si katemeranso. Bodza la katemera linachokera pa kafukufuku wa Andrew Wakefield wa mu 1998, amene magazini ya Lancet inamuchotsa mu 2010, mwini wakeyo n'kulandidwa chilolezo cha udokotala. Chimene chimasokoneza makolo n'chakuti katemera wachiwiri wa chikuku mwana amalandira ali ndi miyezi 15, nthawi yomwe zizindikiro zimayamba kuonekera pazokha.

Koma manong'onong'o simungawathetse nokha poyenda khomo ndi khomo. Kambiranani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Amayi amamudziwa, analowapo m'nyumba zawo, ndipo akhoza kugwiritsa ntchito mphindi za maphunziro za tsiku la sikelo kufotokozera amayi onse zizindikirozi popanda kutchula mwana wa munthu. Funso likafunsidwa kwa mayi aliyense pamzere, palibe amene amachita manyazi, ndipo simudzadabwa kuona wina akutsalira kuti afunse za wake. Amfumu ndi abusa nawo auzidwe banja likalola. Mawu amodzi a amfumu pabwalo, oti wonena za ufiti pa mwana wa mnzake adzaitanidwa, amatseka pakamwa pambiri. Za mapemphero musalimbane ndi aliyense, banja lipemphere ndipo kuchipatala lipite. Chokanitsitsa ndi chilichonse chovulaza mwana: mphini, mankhwala omwetsa osadziwika, kumusalitsa kudya, kumudula pansi pa lilime, kumumanga chingwe kapena kumumenya kuti ayankhule.

Pa sikelo muwauze alangizi zonse ndipo mupemphe kuti zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo, ndi deti lake. Pemphani kuonana ndi adokotala a pachipatala chaching'onocho, kuchoka apo ku chipatala cha boma ku Mulanje. Kukafunika akatswiri a ana kapena makina oyezera makutu, adzakulemberani kalata yopita ku Gulupu ku Blantyre. Wina akakuuzani kuti "adzayankhula, ana aamuna ndi choncho" asanamuone n'komwe mwanayo, funsani mwaulemu kuti mubwerenso liti, ndipo detilo lilembedwe. Palibe kuyeza magazi komwe kumaonetsa autism. Adokotala amafunsa mbiri ndi kuonerera mwana akusewera, n'chifukwa chake kavidiyo kakafupi ka pafoni, koonetsa mukumuitana kapena akundanda zitsekerero zija, kamathandiza kwambiri. Palibenso mapiritsi kapena zitsamba zoichiza, ndiye ogulitsa mabotolo pa WhatsApp asakudyereni ndalama. Mankhwala alipo a mavuto amene nthawi zina amabwera nayo limodzi, monga khunyu, ndipo mwana akamagwa kapena kuuma thupi muzinena.

Ulendo wa mapepalawu ukhoza kutenga miyezi, koma kuthandiza mwana kuyambe mawa. Ubongo wa mwana wosakwana zaka 3 umaphunzira mofulumira kwambiri, ndipo njira zimene WHO imaphunzitsa makolo a ana otere sizifuna chidole cha m'sitolo. Khalani pansi pamphasa, nkhope yanu ifanane ndi yake. Ngati akundanda zitsekerero musamulande, tengani zanu mundande naye. Kenako gwirani chimodzi pafupi ndi nkhope yanu n'kudikira. Akangokuponyerani diso, kapena kutambasula dzanja, mupatseni msangamsanga n'kunena mawu amodzi okha: "Tenga." Pa chakudya muonetseni nthochi kudzanja ili, mbatata kudzanja ilo, asankhe. Posamba muimbireni kanyimbo komwe komweko tsiku lililonse, n'kuima pakati kuti muone ngati angakukokeni kuti mupitirize. Kudikirako ndiye kovuta, chifukwa tinazolowera kumupatsa mwana asanapemphe. Agogo, abambo ake ndi ana akuluakulu apakhomopo aphunzire zomwezi, kuti asamazimve kwa munthu mmodzi. Ana ena otere amadzayankhula bwinobwino, ena mawu ochepa, ena amadzagwiritsa ntchito zizindikiro ndi zithunzi, koma onse amaphunzira.

Akakwana msinkhu apite kusukulu ya mmera mpoyamba ngati anzake, alezi atafotokozeredwa kuti phokoso limamupweteka komanso kuti kusintha zinthu mwadzidzidzi kumamusokoneza. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma ndi imene imayang'anira sukulu zimenezi, ndipo ingakulozereni kwa makolo ena a ana aulumali, monga a bungwe la PODCAM. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi, ndipo ofesi ya zamaphunziro ingakuuzeni sukulu ya pulayimale yapafupi imene ili ndi mphunzitsi wotere.

Chimodzi chokha musachidikiritse mpaka tsiku la sikelo. Ana ambiri a autism amachoka pakhomo mwakachetechete, sayankha akamafuulidwa, ndipo madzi amawakopa. Boma lathu lino ndi la mitsinje, Thuchila, Likhubula, Ruo ndi timakhwawa tosawerengeka timene timadzaza mvula ikagwa kuphiri, kuwonjezera zitsime zosavundikira ndi msewu wa tala. Alamu auze oyandikana nawo, amayi a pamjigo ndi anyamata a kabaza a pasiteji kuti akamuona mwanayu ali yekha asamufunse kuti ukupita kuti, angomugwira dzanja n'kubwera naye kunyumba. Zitsime zapafupi zivundikiridwe sabata ino.