Mng'alu wa pa nyumba ya Usher

Wophunzira wina wandilembera imelo kuti aphunzitsi ake amuuza kuti alembe za ziphiphiritso za m'nkhani yaifupi ya Edgar Allan Poe ya mu 1839, "The Fall of the House of Usher", ndipo akupempha mndandanda wa zinthu zonse za m'nkhaniyo ndi matanthauzo ake. Pepani, mndandandawo sindikutumizirani, chifukwa unandichititsapo manyazi ine ndemwe.

Nditangoyamba maphunziro a ku koleji tinapatsidwa nkhani yomweyi, ndipo ine ndinapeza kabuku ka mayankho ongoloweza: nyumba ndi mutu wa mwini wake Roderick Usher, dziwe ndi imfa, mwezi wofiira ndi magazi. Ndinaloweza zonsezo ngati katekisimu n'kuzikhuthulira papepala. Pepalalo linabwerera lili ndi funso limodzi la inki yofiira m'mphepete, lofunsa pamene wolemba anayamba kutchula mng'alu wa pakhoma. Sindinadziwe, pakuti nkhaniyo ndinali nditaiwerenga kamodzi kokha modumphadumpha, Chingerezi cha Poe chitandikulira.

Chimene chinanditsekula maso ndi nyumba ya agogo anga. Inali ndi mng'alu wochokera pamwamba pa zenera kutsikira pamaziko, umene agogo ankaumata ndi dothi chaka ndi chaka, koma mvula ikangoyamba unkatsekukanso mpaka chala n'kumalowa. Tinkagonamo osadandaula, koma mlendo aliyense akafika maso ake ankathamangira pomwepo. Nditaiwerenganso nkhaniyo patchuthi ndinaona kuti wofotokoza nkhani wa Poe ndi mlendo wotero. Akufika pa kavalo madzulo ataitanidwa ndi kalata ya mnzake wa paubwana, Roderick, akuona mazenera ooneka ngati maso opanda moyo, akusuzumira m'dziwe n'kuona nyumbayo itazondoka, kenako m'chiganizo chimodzi chokha akutchula mng'alu wovuta kuuona, wokhotakhota kuchokera kudenga mpaka kukathera m'madzi. Poe sautchulanso mpaka kumapeto, pamene mwezi wofiira ukuwalira pamng'alu womwewo ndipo nyumba ikung'ambika n'kumira.

Apa ndiye ndinazindikira kuti mng'aluwo umaopsa chifukwa choyamba ndi mng'alu weniweni wa pakhoma lenileni, ndipo tanthauzo lake limakula ndi zimene zikuchitika pakati pa malo awiriwo. Poe akutiuza kuti anthu a m'deralo akati nyumba ya Usher ankatanthauza chimango ndi banja lomwe, monga ife timanenera za nyumba yaikulu ndi yaing'ono pa mitala osanena za njerwa. Akutiuzanso kuti mtunduwo sunachitepo nthambi, ndipo otsala ndi awiri okha, Roderick ndi mlongo wake Madeline. Kuti awiriwa ndi mapasa timakudziwa mochedwa, pamene Madeline, amene akuti wamwalira, wagonekedwa m'bokosi m'chipinda cha pansi cha chitseko chachitsulo, masaya ake akadali ndi kufiira pang'ono. Chinthu chimodzi chagawika pawiri, theka lili pamwamba likupenga, theka latsekeredwa pansi likadali moyo.

N'chifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu mindandanda imeneyi, ndipo ndimaona kuti imapha nkhani. Poe mwiniwake, polemba za nkhani za Nathaniel Hawthorne mu 1842, ananena kuti m'nkhani yaifupi musamakhale mawu ngakhale amodzi osathandiza cholinga chimodzi chimene wolemba anakonzeratu. Nyumba zakale, zipinda za pansi ndi mabanja otembereredwa iye anazipeza zilipo kale m'nkhani za mtundu wa gothic, zimene zinayamba ndi buku la Horace Walpole la mu 1764, The Castle of Otranto. Chake cha Poe n'chakuti anazilumikiza mpaka kuchotsapo chimodzi n'kugwetsa zonse, ndipo mndandanda umachita zomwezo, kuzipatula chimodzichimodzi.

Nanga mulembe bwanji?

Werengani nkhaniyo kawiri muli ndi pensulo, muzilemba chizindikiro paliponse pamene chinthu chaoneka kawiri: nyumba ndi chithunzi chake m'dziwe, mapasa, chithunzi cha chipinda cha pansi chimene Roderick anajambula ndi manda a Madeline, ndiponso usiku wa mkuntho pamene wofotokoza nkhani akuwerengera Roderick buku lonena za ngwazi yotchedwa Ethelred ikuswa chitseko ndipo phokoso lomwelo likumveka m'nyumba. Sankhani chimodzi, musonyeze pamene chayambira ndi pamene chathera. Ndikanakhala ine ndikanayambira pa mawu a Roderick ovomera kuti anamva mlongo wake akugwedezeka m'bokosi masiku ambiri m'mbuyomo koma sanalimbe mtima kunena, n'kufunsa ngati mng'alu uja unali pakhoma pokha.