Musagumule khitchini ya bambo anu, achemwali

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera pa imelo, ndipo kalata yawo yandisowetsa mtendere. Malemu bambo awo anawasiyira nyumba yomangidwa m'zaka za m'ma 1950. Khitchini yake ikadali momwe inalili: makabati a matabwa, tebulo la Formica, pansi pa simenti yofiira, ndi mbaula ya Dover pakona. Amuna awo akuti zonsezi n'zachikale, zichoke, aikemo matailosi ndi makabati amakono. Mayiwo akufunsa kuti, "Ndivomere?"

Achemwali, musavomere msanga. Ndikuuzani chifukwa chake, koma mundilole ndiyambire ku Zomba.

Ine ndinakulira m'nyumba yaboma ya mtundu womwewu, m'munsi mwa phiri. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mabanja ngati lathu anayamba kulowa m'nyumba zomwe kale munkakhala azungu ndi akuluakulu a boma. Yathu inali ndi khonde lalikulu, mazenera a zitsulo, ndi makoma okhuthala moti mu Okutobala, panja dzuwa likuswa mtengo, m'kati munkakhala mozizira bwino. Loweruka m'mawa inali ntchito yathu anafe kupaka Cobra wofiira. Umagwada, kupaka ndi kansanza, kudikira kuti aume, kenako kuponda burashi ndi phazi limodzi n'kumayenda nayo uku ndi uku mpaka mayi anene kuti basi. Simenti imeneyo inalibe mng'alu ngakhale umodzi. Mphika ukagwa unkaphwanyika ndi mphikawo, pansi ayi.

Koma chimene sindiiwala ndi kabati yosungira chakudya. Inali ya mkungudza, ndipo ukangoitsegula fungo la mtengowo linkakulandira lisanafike la shuga ndi masamba a tiyi. Zitseko zake zinali ndi kawaya kosefa ntchentche kuti mphepo izilowa, ndipo ndiwo za usiku zinkagona mmenemo osasasa. Madirowa ake analibe msomali: kalipentala anasema mano m'mbali mwa matabwa n'kuwalumanitsa. Tinkawakoka ndi manja onyowa tsiku lililonse, ena tinkakwerapo pofuna kufikira botolo la uchi pamwamba, koma sanagwedere. Mu Juni, chisanu cha Zomba chikavuta, tonse tinkaunjikana pa Dover. Mayi ankaphika nsima pamwamba, m'uvuni muli zigumu, pambali pali ketulo yomwe sinkachokapo. Kuseri kwa nyumba kunali mgolo wogonekedwa pa njerwa, pansi pake moto, womwe anthu ankautcha Rhodesian boiler. Madzi osamba otentha ankachokera mmenemo, magetsi alipo kapena palibe.

Patapita zaka, msuweni wanga anagula nyumba yofanana ndi imeneyi. Ndinasangalala ngati ndagula ndine. Nditapita kukamuona ndinapeza mmisiri wina ali m'khitchini ndi chitsulo chozulira misomali, makabati ali mulu panja. Anamuuza msuweni wangayo kuti matabwawo ndi otha, ndipo adzamuthandiza kukataya "zinyalalazo" osamulipiritsa. Anazikweza pa galimoto tsiku lomwelo. Matabwa a mlombwa ndi mkungudza, ouma zaka makumi ambiri, opanda chiswe! Munthu wodziwa mitengo sataya zoterozo, ndipo mmisiriyo ankaidziwa mitengo. M'malo mwake munalowa makabati oyera a MDF, onyezimira, okongola pa chithunzi cha pa Facebook. Sipanapite nthawi, mpope wa pansi pa sinki unayamba kudontha, bolodi inamwa madzi n'kufufuma ngati buledi woviika mu tiyi, mahinjesi n'kuzuka ndi zomangira zake. Lero chitseko chimodzi chimatsekedwa ndi mphira.

MDF ndi utuchi wosakaniza ndi guluu n'kupsinja. Ikalowa madzi siibwerera. Thabwa lenileni likanyowa limauma, likakalika mumalipala, likathyoka kalipentala wa ku Ndirande amalumikiza. Ndipo mkungudza umene uli m'nyumba zakalezi simudzaupezanso. Umamera mwachilengedwe m'phiri la Mulanje, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, koma tinaudula mpaka mitengo ikuluikulu inatha pafupifupi yonse. Amene ali ndi kabati ya mkungudza ali ndi chinthu chomwe ndalama sizingagule mwachilungamo lero. Kuitaya n'kulakwa. Ndikunena mosabisa: n'kulakwa, ngakhale nyumbayo ndi yanu.

Ndimadabwa ndi mmene timaopera mawu akuti "zachikale". Ku America kuli nyumba zomwe Joseph Eichler anamanga ku California kuyambira cha m'ma 1949, pafupifupi 11,000, ndipo anthu amazilimbirana, makamaka zomwe eni ake sanazisinthe. Ku Palm Springs chaka chilichonse mu Febuluwale kumakhala Modernism Week, anthu kulipira ndalama kuti angolowa m'nyumba za m'ma 1950 ndi 1960 kukaona makhitchini ake. Mabafa a pinki omwe anatchuka nthawi ya Mamie Eisenhower, mkazi wa pulezidenti wawo wa nthawiyo, anthu anawagumula ambirimbiri, lero ena akusakasaka matailosi omwewo. Sindikunena kuti tisunge zathu chifukwa Amereka akutero. Ndikungonena kuti fashoni imazungulira, ndipo makabati oyera amene amuna anu akuwasirira lero, ana anu adzawatcha achikale.

Tebulo lanu la Formica nalo musalipeputse. Kampani yake inayamba mu 1913 ku Cincinnati, ku America, poyamba ikupanga zotchingira magetsi, ndipo nkhondo yachiwiri itatha ndi pomwe inadzaza m'makhitchini a dziko lonse. Ndi mapepala oviikidwa mu utomoni wa mankhwala, opsinjidwa pamodzi ndi kutentha kwambiri. Ngati lafika lero osasupuka, lidzakutumikiranibe. Musamangotsitsirapo mphika wochokera pamoto kapena kudulirapo anyezi popanda thabwa.

Tsono pali mbali ina imene sindingaibise, chifukwa mwina ndi imene ikuwawawa amuna anu ngakhale sakuitchula. Makhitchini ambiri a nthawi ya atsamunda sanamangidwe poganizira mwini nyumba. Anamangidwira khukhi. N'chifukwa chake ali kumbuyo, ndi opanikiza, zenera lake ndi laling'ono, khomo lake likuyang'ana ku boyizikota, ndipo ena ali ndi kazenera kopatsira mbale kuti wophika asaoneke kumene mabwana akudyera. Agogo athu ankaima m'zipinda zimenezo kuyambira m'bandakucha. Ndikamayamikira matabwa ake ndimakumbukiranso kuti amene anasema mano a madirowa aja, amene anasalaza simenti ija, anali amisiri akuda, anthu athu, omwe maina awo sanalembedwe pena paliponse. Kwa ine chimenechi n'chifukwa china chosungira ntchito yawo. Chofunika kusintha ndi mpanipani ndi mdima, osati luso la manja awo.

Zimene muyenera kusintha popanda kukambirana

Mawaya. Nyumba za zaka zimenezo zambiri zinalowetsedwa mawaya okutidwa ndi mphira ndi nsalu, ndipo mphirayo ikakalamba imayoyoka, waya n'kutsala pamtunda m'siling'i. Itanani wamagetsi wokhala ndi chiphaso, aone bokosi la mafyuzi ndi waya wa efi. Ngati pali ndalama imene amuna anu asunga ya matailosi, iyambe yapita apa.

Asbestos. Mapepala ake anafoleredwa nyumba zambiri m'chigawo chino cha Africa, poti migodi yake inali pafupi, ku Zvishavane ndi Mashava m'dziko la Zimbabwe. Amapezeka padenga, m'siling'i, nthawi zina m'timatailosi takale ta pulasitiki tomatidwa pansi. Britain inaletseratu asbestos mu 1999, South Africa mu 2008, chifukwa fumbi lake limayambitsa khansa ya m'mapapo patapita zaka zambiri. Akakhala osasweka, osakhudzidwa, vuto ndi lochepa. Ngozi imabwera pomuboola, pomucheka ndi pomuswa. Taonani tsono: kugumula kumene amuna anu akufuna ndi kumene kungadzutse fumbi limeneli, anyamata aganyu n'kumalipuma opanda chotseka kukamwa, ana anu akusewera pomwepo.

Penti wakale naye akhoza kukhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana aang'ono. Musamupale wouma ndi sandipepa. Nyowetsani, ana akhale kutali, zopalidwazo muzikolope osati kusesa. Mapaipi achitsulo amachita dzimbiri m'kati mpaka madzi kumatuluka ofiira ndi ochepa mphamvu; amenewo sinthani, palibe amene adzawalire.

Za Dover, ndinene chimodzi. Ndi mmene magetsi amathimirathimira kuno, munthu wochotsa mbaula yogwira ntchito m'khitchini sanaganize bwino. Chumuni chiyeretsedwe, aone ngati utsi sukutulukira m'ming'alu, kenako ikhale pomwepo. Kuka yamagetsi kapena ya gasi ikhoza kuima pambali pake, malo sangasowe mukachotsa shelefu imodzi. Ndikudziwa kuti nkhuni zikutha ndipo sindikukulimbikitsani kuiyatsa tsiku lililonse. Koma tsiku la ukwati, la maliro, kapena sabata yomwe thiransifoma yapsa, mudzaifuna.

Amuna anu musakangane nawo ngati adani. Afunseni chimene chikuwanyansa kwenikweni. Ngati ndi mdima, kulitsani zenera ndi kupaka makoma penti wowala. Ngati ndi sinki yothimbirira, gulani yatsopano, ilowe m'kabati yomweyo. Ngati ndi zitseko zolendewera, ndi nkhani ya mahinjesi ndi zogwirira, ntchito ya tsiku limodzi. Ngati akufuna kuti wophika azicheza ndi alendo, khoma la pakati pa khitchini ndi podyera likhoza kutsegulidwa, koma injiniya aone kaye ngati silinyamula denga. Pansi pofiira pakatopetsa kupaka polishi, pali mankhwala omatira simenti omwe amachepetsa ntchitoyo. Apempheni kuti mukhalemo chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, musanaswe chilichonse, ndipo pakali pano mukonze mawaya ndi mapaipi okha.

Akakanitsitsa ndithu, makabatiwo amasulidwe ndi sikuludiraiva, asazulidwe ndi chitsulo. Muime pomwepo inuyo pamene akuwachotsa, muwasunge pouma m'chipinda chakumbuyo, ndipo mmisiri aliyense wonena kuti akakutayireni mwaulere mumuyankhe kuti zikomo, matabwa a bambo anga satuluka pageti pano.