Kurultai sinali nyumba ya malamulo

Wowerenga wina wanditumizira imelo kufunsa kuti mawu akuti kurultai, dzina la msonkhano waukulu wa akuluakulu a ufumu wakale wa a Mongol, anachokera kuti, komanso ngati n'zoona kuti a Mongol ankasankha mafumu awo povota. Funso lachiwirili ndi limene landitokosa pachilonda.

Nkhaniyi tinakanganirapo kwambiri ndi alamu anga, amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale. Iwo anawerenga penapake kuti a Mongol anali ndi nyumba ya malamulo Azungu asanaiganizire n'komwe, ndipo ankauza ana asukulu zimenezo monyadira. Tinayamba ngati macheza pakhonde, mawu n'kuyamba kukwera, nsima mpaka kuzizira, achemwali n'kutiuza kuti tikamalizire kunja kwa mpanda. Alamu ndi munthu wosagonja. Tikakumana pachinkhoswe timakamba za mitengo ya feteleza, za Chinggis Khan, amene anayambitsa ufumu wa a Mongol, ayi.

Ine sindinasunthe, ndipo sindisuntha. Mu 1206, akuluakulu atasonkhana kufupi ndi kumene mtsinje wa Onon umayambira n'kumupatsa Temüjin dzina la Chinggis Khan, panalibe chosankha. Munthuyo anali atagonjetsa kale mafuko a Tatar, Kereit ndi Naiman. Oti n'kupikisana naye anali atafa kapena kuthawa. Msonkhanowo unangolengeza zimene nkhondo inali itagamula.

Mphamvu ya kurultai inali pa kufika. Ukabwera ndi anthu ako ndiye kuti wavomera, ukakhala kwanu wakana. Ögedei, mwana wa Chinggis amene analowa ufumu, atamwalira mu 1241, Batu, mdzukulu wa Chinggis amene ankalamulira cha ku mtsinje wa Volga, anazengereza ponena kuti akudwala. Mpando unakhala wopanda mwini mpaka 1246, mkazi wamasiye wa Ögedei, Töregene, akuyendetsa ufumu ndi kukokera akalonga kwa mwana wake Güyük. Pamwambo wolonga Güyük panafika ngakhale mthenga wa Papa, Giovanni da Pian del Carpine, koma Batu sanaoneke.

Za amayiwa alamu sankazitchula n'komwe, chonsecho ndi pamene pagona nkhani. Mu 1251 Möngke, mdzukulu winanso wa Chinggis, anakhala pampando chifukwa mayi ake, Sorghaghtani Beki, anamvana ndi Batu, ufumu n'kuchoka m'banja la Ögedei. Amene anaonapo mmene mbumba imagwirizanirana dzina la mfumu yatsopano mseri, anthu asanaitanidwe kubwalo, sangadabwe. Kusiyana kwake n'kwakuti ambiri amene anatsutsa Möngke anaphedwa. Voti yanji imeneyo?

Chaka cha 1260 ndiye chimatseka pakamwa aliyense. Möngke atamwalira, m'bale wake Kublai anaitanitsa kurultai yake ku Kaiping, mng'ono wake Ariq Böke n'kuchititsa ina cha ku Karakorum, likulu la ufumuwo. Aliyense anavomerezedwa ndi omwe anabwera kwa iye. Anaweruza mlanduwo ndi asilikali, ndipo Ariq Böke anagonja mu 1264. Ndisaname, misonkhanoyi inkakambirana zenizeni, monga ya 1235 imene inakonza nkhondo yolowera ku Russia ndi ku Ulaya. Koma okambawo anali a banja lachifumu ndi akazembe ankhondo, osati abusa a nkhosa.

Nanga dzinalo?

Ndi la Chimongol, lochokera ku mneni wakale quri-, kutanthauza kusonkhana. Tsinde lomwelo lili m'mawu akuti khural, dzina la nyumba ya malamulo ya Mongolia ya lero. Anthu a zinenero za Chiturk anali ndi mawu awoawo, toy ndi kengesh, ndipo kurultai anaitenga nthawi ya ulamuliro wa a Mongol. Ku Turkey chipani cha CHP chimatcha msonkhano wake waukulu kurultay, a Tatar a ku Crimea anachita Qurultay yawo ku Bakhchysarai mu 1917, ndipo nyumba ya malamulo ya Bashkortostan ku Russia imadziwika ndi dzina lomweli.