Ndadwala diso, nanga za TB zalowa pati?

FUNSO: Adokotala, ine ndimagulitsa kachewere pamsika ku Ulongué. Diso lakumanzere linafiira, likuwawa mkati ndipo dzuwa sindikulifuna olo pang'ono. Kuchipatala anandidonthezera mankhwala, mboni ya diso yakula moti foni sindikutha kuwerenga, kenako akuti ndiyezetse TB ndi chindoko. Zikugwirizana bwanji? Mayi wa ku Angónia

YANKHO: Mayi, sanasokoneze mapepala anu ayi, anthuwo akudziwa chimene akuchita. Diso lili ndi magawo atatu osanjikizana, kunja kuli choyera chija, mkatikati muli retina imene imalandira zomwe mukuona, ndiye pakatipo pali uvea. Mmene mwafotokozeramu zikuoneka kuti yatupa ndi imeneyi, matenda ake amati uveitis.

Tengani kalilole muyang'ane. Chozungulira chabulauni chija ndi iris, kutsogolo kwa uvea, ndipo kadontho kakuda pakati pake, mboni ija, si kachinthu ayi, ndi bowo chabe lomwe timinofu ta iris timalichepetsa mpaka mamilimita 2 padzuwa nkulikulitsa mpaka pafupifupi 8 mumdima. Ndiye tangoganizani timinofu totupa tikukokeka mukangotuluka panja masana, ululu wanu ndi umenewo. Mankhwala aja amagoneka timinofuto kuti tipume, komanso kuti iris isamatirire ku kagalasi ka m'diso, ikamatirira zimavuta kwabasi. Amagonekanso kamnofu kena kumbuyo kwa iris kotchedwa ciliary body, kamene kamasintha kagalasiko kuti muone zapafupi, nchifukwa chake foni yakukanani. Mankhwala akatha mphamvu zibwerera.

Tsopano za magazi. Uvea yonse, makamaka gawo lake lotchedwa choroid kumbuyo uko, ili ndi mitsempha ya magazi yambiri yothithikana imene imadyetsa retina, moti kachilombo koyenda m'magazi kamafikako mosavuta. TB, chindoko, ngakhale matenda obwera chitetezo chikatsika ndi HIV amatha kuyamba kuonekera m'diso munthu asakutsokomola nkomwe. Nthawi zambiri amayeza osapeza kanthu, koma kayezetseni ndithu, palibe chamanyazi apa.

Chimene sindikufuna ndi choti mukagule timabotolo ta m'maso pamsika chifukwa mnzanu anathandizidwa nato, tina tili ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid ndipo osapimidwa timatha kukweza puresha ya m'diso mpaka kuwononga mtsempha woonera. Mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba, ayi ndithu. Valani magalasi akuda pamsikapo, ndipo mukaona chifunga chikuwonjezeka musadikire tsiku anakupatsani lija, bwererani, mwina akutumizani kwa a maso ku Tete.