Za anthu akale omasulira Qur'an ndi nzeru

Achimwene, mwafunsa ngati kale kunali omasulira Qur'an ndi nzeru zawo; eya analipo ndithu ma ulama (ophunzira za Chisilamu) akale amene pomasulira Qur'an ankatsamira kwambiri pa nzeru za munthu, ndiye musadzione ngati mwachimwa pofunsa ayi. Odziwika kwambiri ndi gulu la ma ulama lotchedwa Mu'tazila, anayambira ku Basra, mzinda wa ku Iraq, ndi Wasil ibn Ata yemwe anamwalira mu 748. Iwowa ankati Allah safanana ndi cholengedwa chilichonse, ndiye ayah ikatchula dzanja la Allah sitingaganize dzanja la zala ngati lathuli, ikunena mphamvu kapena chisomo chake.

Ine zinandilowa bwino tsiku lomwe mwalimu wanga anatsegula Surah 75 ayah 23, paja pakuti nkhope zidzayang'ana kwa Mbuye wawo. Anaika chala pa liwu limodzi lokha, nazira, nkundiuza kuti al-Zamakhshari, wa Mu'tazila, m'buku lake lomasulira Qur'an la al-Kashshaf akuti ndi kuyembekezera chifundo cha Allah poti kwa iye Allah saoneka ndi maso, pomwe gulu lina la ma ulama, a Ash'ari, otsatira a al-Ash'ari, akuti ayi okhulupirira adzamuonadi. Liwu limodzi koma mkangano wa zaka mazana! Ndipo Fakhr al-Din al-Razi, wa Ash'ari, potsutsa a Mu'tazila anagwiritsanso nzeru zomwezo, al-Ash'ari mwini wakeyo anali wa Mu'tazila kaye asanawasiye.

Chomwe chimandiwawa ndi cha 833, khalifa al-Ma'mun anakakamiza anthu kuvomera chiphunzitso cha a Mu'tazila chakuti Qur'an inalengedwa, imamu Ahmad ibn Hanbal anakana mpaka anamangidwa, kenako nkukwapulidwa.

Koma chonde al-Kashshaf musaiyambe nokha, Chiarabu chake nchozama ndipo maganizo a Mu'tazila amabisala mkati mwa mawu, pezani shehe amene anaphunzira aqida (zikhulupiriro) ndi tafsiri (kumasulira Qur'an) muziwerenga limodzi.