Kalata za pa sitima: udindo wa kaputeni ndi malipiro ake

Achimwene, mwafunsa za envulopu yakale yokhala ndi chidindo cha SHIP LETTER (kalata yobwera pa sitima yapamadzi), kuti kodi kaputeni ankanyamula makalata mongothandiza kapena lamulo linkamukakamiza, nanga ankapezapo kangachepe kapena ayi. Zonse ziwiri zinalipo, lamulo ndi malipiro, koma muyambe mwasiyanitsa mitundu iwiri ya sitima, chifukwa ambiri amasokonezera pomwepa.

Panali sitima zamalonda wamba, zoyendera katundu wawo, zimene makalata ankangokweramo ngati alendo. Chidindo chanucho n'cha sitima zotere. Ndiye panali sitima zokhala ndi mgwirizano ndi boma, zonyamuka pa tsiku loikika, kaya katundu wadzaza kaya ayi.

Pa sitima wamba, nkhani inali pakati pa kaputeni mwiniwake ndi positi ofesi. Ku Britain lamulo la 1660 linkafuna kale kuti iye apereke makalata ku positi ya padoko limene wafikira. Poyamba ankalandira peni 1 pa kalata iliyonse, ndipo mu 1799, chaka chimene ku London kunatsegulidwa ofesi yoona za makalata a pa sitima, ndalamayo inafika mapeni 2. Ku United States lamulo la 1792 linaika masenti 2 pa kalata. Ndalamayi sinali mtengo wa ulendo. Inali yomukopa kuti asagawe yekha makalata m'tauni n'kutolera ndalama kwa eni ake, boma n'kungotsala manja lende. Positi inkaibweza polipiritsa wolandira kalata: ku America, kuyambira 1799, kalata yothera padoko pomwepo inkalipiridwa masenti 6, ndipo yopitirira kumtunda inkalipiridwa mtengo wa mtunda wake kuwonjezerapo masenti 2. Ngati pa envulopu yanu pali nambala yolembedwa ndi inki pafupi ndi chidindo, nthawi zambiri ndi ndalama imene wolandirayo anatulutsa.

Sitima ikamayandikira doko, kaputeni ankasonkhanitsa makalata onse, a apaulendo ndi a antchito ake omwe, n'kuwaika m'thumba, kulimanga, ndi kudinda chidindo chake pa phula la pa mfundo. Thumbalo linkatsika katundu asanakhudzidwe. Ku positi kalaliki ankawerenga makalata, kudinda dzina la doko pa iliyonse, monga Liverpool kapena Deal, kenako n'kuwerengera kaputeni makobidi ake. N'chifukwa chake doko la pa chidindo nthawi zina limasiyana ndi kumene sitima inathera ulendo: makalata ankatsikira pa doko loyamba n'kupitirira pamtunda, sitima ikadali kudikira mphepo.

Mano a lamuloli anali kwa a kasitomu, ndipo kwa ine nzeru yake yonse ili pamenepa. Chindapusa chokha sichikanaopsa munthu wonyamula katundu wa ndalama zambirimbiri. Chimene chinkamugwira pakhosi n'chakuti sankaloledwa kutsitsa katundu asanapereke makalata. M'malamulo a United States mawu amenewa akadalimo, pa ndime 1699 ya buku 18: sitima siloledwa kulembetsa kufika kwake kapena kuyamba kutsitsa katundu mpaka makalata ataperekedwa ku positi yapafupi, ndiponso kaputeni atalumbira ndi kusaina pamaso pa wa kasitomu kuti wapereka kalata iliyonse ndi thumba lililonse limene linali m'manja mwake. Amangopatulapo makalata olembedwera madoko ena amene sitimayo ikafikeko. Ndime 1698 imaika ndi nthawi yomwe kwa sitima zoyenda pakati pa madoko a dzikolo: maola 3 chifikireni ngati ndi masana, ndipo ngati yafika usiku, maola 2 dzuwa litatuluka. Taganizani amalonda aima padoko kudikira katundu wawo, antchito akudya malipiro ali chikhalire, zonsezo chifukwa cha thumba limodzi.

Makalata onena za katundu wa m'sitima momwemo, opita kwa mwini katunduyo, sankawerengedwa m'gulu limeneli. Mpata umenewu ndi umene unkabweretsa mavuto, chifukwa anthu ankalemba kunja kwa kalata wamba ngati ndi ya katundu kuti azembe kulipira. Vuto lina linali la apaulendo obisa makalata a anzawo m'zikwama; kaputeni ankalumbira monga mwa kudziwa kwake, choncho woona mtima ankalengeza m'sitima monse asanamange thumba. Sitima ikachokera kumalo a mliri, makalata ankachedwa kwambiri: ankawaboola kapena kuwang'amba pang'ono ndi mpeni, kuwafukiza ndi utsi, ena kuwawaza vinyo wosasa. Mukaona timing'alu tiwiri tofanana pa envulopu yakale, musafulumire kunena kuti yawonongeka.

Pa sitima za mgwirizano zinthu zinali zina. Ndalama inkapita ku kampani, kaputeni n'kumangodya malipiro ake a ntchito. Samuel Cunard, mwini kampani ya sitima, atagwirizana ndi boma la Britain mu 1839, mtengo woyamba unali mapaundi 55,000 pa chaka, ndipo pambuyo pake unakwezedwa. Sitima yake Britannia inanyamuka ku Liverpool pa 4 Julaye 1840 kupita ku Halifax ndi Boston. Migwirizano yotere inkakhala ndi chilango cha kuchedwa, ndipo zaka zoyambirira m'sitimamo munkakwera msilikali wa zapamadzi woyang'anira matumba, amene mawu ake pa nkhani ya makalata kaputeni sankawanyozera. Zilembo RMS (Royal Mail Ship) kutsogolo kwa dzina la sitima zinkasonyeza kuti ili pa mgwirizano umenewu. America inasankha kulipira potengera kutalika kwa ulendo: lamulo la 1891 linkapereka madola 4 pa mailo kwa sitima zazikulu ndi zaliwiro kwambiri, ndipo mtengowo unkatsika malinga ndi gulu la sitima. Sitima zina zinali ndi positi ofesi mkati momwe. Pa Titanic mu 1912 panali makalaliki a positi 5, ndipo onse anamira, atayesetsa kukokera matumba m'chipinda chapamwamba madzi akulowa.

Chinthu chimodzi chomwe chingakusokonezeni mukamayang'ana maenvulopu ena ndi chidindo cha PAQUEBOT. Chimenecho n'chapambuyo pake. Bungwe la mapositi a mayiko la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, linagwirizana mu 1891 kuti kalata yoponyedwa sitima ili pakati pa nyanja ingathe kumatidwa sitampa ya dziko la sitimayo, ndipo positi ya doko lofikira iilandire ngati yolipiridwa kale. Makalata otere ndi amene amadindidwa PAQUEBOT. Sitima ikakhala itakocheza padoko, pamafunika sitampa ya dziko la dokolo.

Pa envulopu yanu yang'anani zinthu zitatu: dzina la doko pa chidindo, nambala ya inki, ndi ngodya ya m'munsi kumanzere, pamene wolemba kalata nthawi zambiri ankaika dzina la sitima ndi la kaputeni. Mukajambula mbali zonse ziwiri n'kuika m'gulu muno, tikhoza kuwerengera limodzi mtengo wake n'kuona ngati ukugwirizana ndi chaka chimene chalembedwapo.