Tsabola wa m'paketi ndi tsabola wa pa chiwaya: yankho kwa mayi wa ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala pa boma ku Nkhotakota, ndipo funso lawo ndaona kuti likufunika yankho lalitali, chifukwa anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja muno amaling'ung'udza koma osalifunsa. Iwo analemba kuti: "Ndikagula makrisipi kapena ma noodles olembedwa kuti chilli m'masitolo akuluakulu, ndimangomva shuga ndi mchere, tsabolayo osamumva, pamene ana anga akadya zomwezo amathamangira madzi. Kodi lilime langa ndi limene lafa, kapena opanga zinthuzi akutinamiza? Komanso bambo a kunyumba kuno ali ndi zilonda za m'mimba, kodi ndiwaletse kudya zimenezi?"

Mayi, lilime lanu silinafe, ndipo opangawo nthawi zambiri sakunama. Chimene chikuchitika n'chakuti mawu oti chilli amene ali pa paketi ndi dzina la kakomedwe chabe, sakulonjeza kuti kuwawa kwake kufika pamene inu munazolowera. Inu mukamva mawuwa mumaganiza za kambuzi, pamene wa kufakitale amaganiza za ufa wofiira umene angathe kugulitsa kwa mwana wa sukulu ku Johannesburg, kwa agogo ku Lusaka ndi kwa inu ku Nkhotakota, popanda ngakhale mmodzi wobweza katunduyo.

Chichewa chathu chimatithandiza kumvetsa nkhaniyi. Timati tiyi wopanda shuga akuwawa, timati tsabola akuwawa, timatinso mutu ukuwawa, ndipo pa zitatuzi kuwawa kwa tsabola n'kwapachibale ndi kwa mutu, osati kwa tiyi. Mu tsabola muli mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene sadzera njira imene shuga ndi mchere zimadzera kuti tizimve kukoma, koma amakhudza timitsempha timene ntchito yake ndi kutichenjeza tikakhudza chinthu chotentha kupitirira madigiri 43. Ubongo umalandira uthenga woti m'kamwa mukupsa, n'chifukwa chake thukuta limatuluka ndiponso mphuno imachucha ngakhale chakudyacho chili chozizira. David Julius ndi anzake ku America ndi amene anapeza kachipangizo ka pa timitsempha timeneti kamene kamamva capsaicin ndi kutentha mu 1997, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Ardem Patapoutian. Chofunika kwa inu pa nkhaniyi n'chakuti timitsempha timeneti timazolowera. Munthu amene wakhala akunyemera kambuzi mu usipa kwa zaka makumi atatu amafunika capsaicin wambiri kuti amve chimene mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amamva ndi kakang'ono chabe. Choncho inu ndi ana anu nonse mukunena zoona.

Kuwawa kumeneku kuli ndi muyeso wake, umene anaukonza mu 1912 katswiri wa zamankhwala wa ku America, Wilbur Scoville. Tsabola wobiriwira wamkulu uja timadulira mu saladi ali pa 0. Tsabola wa ku Mexico wotchedwa jalapeño, amene chithunzi chake chimapezeka pa mapaketi ambiri ochokera kunja, ali pakati pa 2,500 ndi 8,000. Kapiripiri wathu amapitirira 50,000, ndipo habanero, amene ndi wa mtundu umodzi ndi kambuzi, amayambira pa 100,000 mpaka 350,000. Mukayang'ana manambalawa muona kuti tsabola amene anthu ambiri akunja amamutcha wowawa amatsalira kutali kwambiri ndi amene ife timangothyola kuseri kwa nyumba.

Komabe ndikukhulupirira kuti chimene mukuchisowa kwenikweni m'paketimo si kuwawa kokha. Madzulo ndikamadutsa pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndimakonda kuima pa chiwaya cha mnyamata wina amene amasunga tsabola m'kabotolo kakale ka mayonezi. Iye amadula kambuzi wachikasu tizidutswa, kuphatikiza ndi anyezi ndi mchere, n'kuthirapo mafuta otentha a m'chiwayamo, ndipo akangotsegula kabotoloko fungo limakufikani musanatenge n'komwe tchipisi. Fungo limenelo ndi lokhala ngati la chipatso chakupsa, ndipo limayamba kufika m'mphuno, kenako kuwawa kumabwera pang'onopang'ono, kumakwera, n'kukhala pa lilime mpaka mutafika pa depoti. Kununkhira kotereku kumachokera ku timafuta touluka msanga timene timatha tsabola akaumitsidwa, akagayidwa ndiponso akakhala miyezi m'nyumba zosungira katundu. Capsaicin amapirira zonsezi, koma fungo silipirira. Ndiye ngakhale fakitale itawonjezera kuwawa kuwirikiza kawiri, mungamve kupsa m'kamwa koma kambuzi simungamupezemo.

Njira yodziwira chimene mukugula ili kuseri kwa paketi, pamene pali mndandanda wa zinthu zimene zaikidwamo. Mwambo wa kalembedwe kake ndi wakuti chinthu chochuluka kwambiri chimayamba kulembedwa, ndipo chochepa kwambiri chimakhala kumapeto. Pa makrisipi ambiri a tsabola mupeza mbatata kapena chimanga poyamba, kenako mafuta, ndiyeno zokometsera, ndipo m'kati mwa zokometserazo mupeza shuga, mchere, ufa wa anyezi, ufa wa adyo ndi wa tomato, pamene tsabola ali chakumapeto. Mukaona E160c, dziwani kuti ndi mtundu wofiira wotengedwa ku tsabola wofiira wotchedwa paprika, amene amafiiritsa zala koma sawawa kwenikweni. E330 ndi asidi wa mtundu umene umapezeka mu mandimu, amene amapereka kakuwawasa kaja kamene ena amakasokoneza ndi tsabola, ndipo E621 ndi mankhwala okometsera chakudya otchedwa MSG, amene amapangitsa kuti dzanja libwererenso m'paketi. Mawu oti sweet chilli akuuzani okha kuti shuga ndiye watsogolera. Mukafuna chowawadi, yang'anani mawu monga cayenne, habanero, bird's eye kapena capsicum extract, ndipo onani ngati ali pafupi ndi kumayambiriro kwa zokometserazo. Zithunzi za malawi a moto ndi titsabola titatu tojambulidwa kutsogolo kwa paketi musazidalire poyerekeza kampani ina ndi inzake, popeza kampani iliyonse imajambula molingana ndi muyeso wake.

Palinso chifukwa china chimene makrisipi amamvekera ofatsa. Capsaicin amasungunuka m'mafuta, osati m'madzi, ndipo krisipi ndi chinthu chamafuta ambiri, choncho mafutawo pamodzi ndi shuga zimamuphimba asanagwire bwino lilime. Ufawo uli pamwamba pokha, umagunda kamodzi n'kutha. Ma noodles ndi osiyana pang'ono, chifukwa msuzi wake umamwedwa wotentha, ndipo kutentha kwa madzi ndi capsaicin zimagogoda pa khomo limodzi lomwelo, motero kasacheti kakang'ono kamamveka kwambiri mu msuzi wowira kusiyana ndi mukausiya uzizire. Nsomba za m'chitini zoikidwa mu msuzi wa tsabola zimaphikidwa m'chitini momwemo pa kutentha kopitirira kwa madzi owira kuti zisawonongeke, ndipo chimene chimatsala ndi kukoma kwa tomato wakupsa kwambiri ndi kakuwawa kongodutsa pakhosi. Kwa munthu amene amatha kugula utaka kapena mcheni wa lero pa doko, chitini ndi cha tsiku limene mwera wavuta panyanja, ndipo n'chimene chimafunika thandizo la tsabola wa kumunda kuposa zina zonse.

Sikuti chilichonse cha m'sitolo n'chofatsa. Nali, amene wakhala akupangidwa m'dziko muno kuyambira zaka za m'ma 1970 kuchokera ku kapiripiri, ali ndi chenjezo loti "Abale samalani" pa botolo, ndipo chenjezolo si lokongoletsera. Iye anapangidwira lilime la Amalawi, n'chifukwa chake amagwirizana ndi nsima ndi chambo mosiyana ndi zinthu zopangidwira misika ya mayiko ambiri nthawi imodzi. Kunja kulinso zakudya zimene zimachita kunyanyira dala. Mu June 2024 boma la Denmark linachotsa m'masitolo mitundu itatu ya ma noodles a Buldak ochokera ku South Korea ponena kuti capsaicin wake anali wochuluka mowopsa, ngakhale kuti patapita milungu ingapo linalolanso iwiri mwa mitunduyo. Mu 2023 ku America kampani ina inasiya kugulitsa krisipi yake yochitira mpikisano wa kupirira kuwawa mnyamata wina wa zaka 14 atamwalira ataidya. Zinthu zoterezi achinyamata amaziona pa TikTok n'kumazifuna, ndipo ngati mwana wanu atabwera nazo kuchokera ku Lilongwe, chonde musalole kuti apikisane nazo ndi anzake.

Pa za ana anu othamangira madzi, auzeni kuti madzi amangomwaza capsaicin m'kamwa monse, popeza sasungunukamo. Chimene chimathandiza ndi mkaka, yogati kapena chambiko, chifukwa mafuta ndi puloteni ya mu mkaka zimamukokolola pa lilime. Ngati mkaka palibe, mbamu ya nsima, chiponde kapena kasupuni ka shuga zimachepetsako. Muwakumbutsenso kusamba m'manja ndi sopo asanagwire m'maso, pakuti ufa wofiira uja umakanirira m'zikhadabo.

Funso la bambo ndi limene ndaliganizira kwambiri. Madokotala anapeza kalekale kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba chifukwa cha kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakatulukira m'zaka za m'ma 1980, kapena chifukwa chomwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac. Tsabola sayambitsa chilonda, koma kwa anthu ena amautsa ululu ndi chilungulira, makamaka akadyedwa ndi zamafuta usiku. Ndiye ngati bambo amamva kupweteka akadya zimenezi, azisiye, koma kuzisiyako musakutenge ngati mankhwala. Apite kuchipatala akafunse zoyezetsa kachilomboka, chifukwa kamachizika, ndipo akafotokozere adokotala mapiritsi onse opha ululu amene amagula pa golosale. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndaonapo anthu akusala tsabola kwa zaka zambiri uku akumeza mapiritsi a msana tsiku ndi tsiku.

Chimene ine ndimachiwopa kwambiri m'mapaketiwa ndi mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo paketi imodzi ya ma noodles mukathira kasacheti konse imatha kudya gawo lalikulu la muyeso umenewo ndiwo za masana zisanawerengedwe. Pa paketi amakonda kulemba sodium, ndipo kuti mudziwe mchere wake muchulukitse nambalayo ndi 2.5. Vuto limene munthu wozolowera tsabola amakumana nalo n'lakuti akapanda kumva kuwawa amadya zambiri pofunafuna kuwawako, ndipo chimene chimachuluka m'thupi ndi mchere, umene umakweza kuthamanga kwa magazi mwakachetechete. M'nyengo yotentha ya October ndi November kuno kunyanja, ludzu lotsatira paketi yotere limathera pa zakumwa za shuga.

Kunyumba kwanga ndimachita chonchi. Ndimagula makrisipi a mchere wokha, ndipo ma noodles ndimathira theka la kasacheti, kwinako ndimakwaniritsa ndi tomato, anyezi, mpiru ndi kambuzi mmodzi. Ndikafuna fungo lambiri koma kuwawa kochepa kuti ana adye nawo, ndimang'amba kambuziyo pakati n'kupala kamnofu koyera kamene kamagwira njere, chifukwa capsaicin wambiri amakhala pamenepo, osati m'njere zenizenizo monga ambiri amaganizira. Wa makrisipi ndimayanika kapiripiri pa lichero mpaka aume gwa, n'kumusinja m'kamtondo, ndipo ndimawaza pang'ono m'paketi n'kuikhutchumula, osawonjezera mchere popeza ulimo kale. Ufa umenewu umakhalitsa m'botolo lotseka bwino, pamene kambuzi wa m'mafuta ndimakonza wa masiku awiri kapena atatu okha, pakuti kutentha kwa kuno sikuchedwa kumuwononga. Mukayesa njira imeneyi, Mayi, muyambe mwapungulira ana gawo lawo m'mbale musanawaze ufawo, ndipo mundilemberenso kundiuza mmene bambo ayendera kuchipatala.